Magitala a Kuseri kwa Chitseko

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wosoka zovala, basi itatifera pamsewu. Bambo ake, okonza zida zoimbira, anali atangoikidwa kumene, ndipo ana atatu analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito kuti agawane zotsala.

Wachisamba, mphunzitsi, anayamba kuunjika. "Zida zili m'magulu atatu: zansambo, zouzira ndi zomenya. Zansambo n'zanga. Malipenga ndi zitoliro utenge iwe, mlongo. Ng'oma tigulitsa."

"Nanga mng'ono wanuyu, achimwene?" anafunsa wosokayo.

Mzime anali chiimire pakhomo, manja m'thumba. Bambo anam'thamangitsa kalekale atasiya sukulu n'kumakaimba m'mabala, ndipo pamaliro anafika manda atakwiriridwa kale.

"Uyu? Atenge utuchi. Bambo anati alibe mwana wotere, nonse munamva."

"Ine sindinabwerere katundu," anatero mzime, koma sanachoke.

M'chipindamo munkanunkhabe guluu. Patebulo panali lipenga lomasulidwa theka, timisomali take tili m'chivindikiro cha botolo. Mlongo atakankha chitseko kuti asese, anapeza kuseri kwake magitala angapo atapachikidwa paokha, opanda fumbi ngakhale pang'ono.

Mphunzitsi anatsitsa limodzi, naika zala monga anazolowera, nakhwatcha. Linalira zosokonekera. Anayesa lina, chimodzimodzi.

"Ukalamba ndi matenda! Nsambo zonse anamanga chozondoka, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Ndilowa nazo kuti zimenezi?"

Mzime anatulutsa manja m'thumba. Analandira gitalalo, nalitembenuza, khosi lake kuloza kumanja, poti iye ndi wamanzere, yekhayekha m'banja lonselo. Anakhwatcha kamodzi. Linalira bwino lomwe, lochunidwa kale, ngati mwini wake analisiya dzulo.

Mzime anayesa kupitiriza nyimbo, zala zinakana.

"Achimwene," anatero mlongo motsitsa mawu, "gulu ili muliika pati?"

Mphunzitsi anayang'ana khoma la kuseri kwa chitsekolo nthawi yaitali. Kenako anatsitsa magitala otsalawo limodzilimodzi, nawatsamiritsa pafupi ndi mapazi a mng'ono wake, osamuyang'ana kumaso.

Mayiyo anathera pamenepo, akupukuta m'maso ndi kansalu. Koma ine ndayenda, amanzere ndawaona ambiri. Mwina malemu bambo akewo anali ndi kasitomala wamanzere amene sanabwerenso kudzatenga katundu wake. Sindinamuuze zimenezi mayiyo, koma mpaka lero ndimakayika.