Posita ya Chitseko Chobiriwira

"Siyani kaye zanuzo, bwerani mudzaone kuno," anatero a Kamphinda, aphunzitsi a zojambula pa kompyuta, ataima kumbuyo kwa mpando wa Raisa.

Ophunzira anaunjikana pa kompyuta ya pakona. Pamela anali womaliza kudzuka, ndipo mpando wake anaukoka mwaphokoso kuti aliyense adziwe kuti wasokonezedwa pa ntchito.

Chinali chaka cha 2006. Kakoleji kawo kanali pamwamba pa sitolo ya matayala ku Old Town, makompyuta asanu ndi imodzi, ophunzira khumi ndi awiri. Ntchito yotsekera maphunziro inali yakuti aliyense apange posita yotsatsa malonda a munthu wa kudera kwawo. Lachisanu maposita onse adzapachikidwa pakhoma, ndipo Mayi Agatha, eni kampani yosindikiza ya kuseri kwa msika, adzabwera kudzasankha wophunzira mmodzi woti akaphunzire ntchito kwa iwo miyezi itatu. Mmodzi yekha. Amene anasankhidwa chaka chatha anali akadali komweko, atalembedwa ntchito.

Posita ya Raisa inalibe nkhope ya munthu. Panali manja awiri okalamba akupeta kofiya, chisoti choyera chomwe amuna achisilamu amavala. Ulusi wochokera pa singano unakwera m'mwamba, n'kukhota, n'kusanduka zilembo zowonda ngati zosokedwa: Che Yaseen, telala, Biwi.

"Tafotokoza," anatero aphunzitsi. "Bwanji manja okha?"

Raisa anakonza mpango wake kumutu, mwamanyazi. "Bambo anga safuna kujambulidwa nkhope. Anandiuza kuti ndijambule chimene anthu amawadziwira. Ndiye ndinajambula manja."

"Nanga mtundu wobiriwirawu?"

"Ndi wa chitseko cha shopu yawo. Ku Biwi mukafunsa telala, amakuuzani kuti pitani pa chitseko chobiriwira."

A Kamphinda anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali ngati munthu amene walawa ndiwo zokoma. Kenako anazungulira kalasi, n'kufika pa kompyuta ya Pamela. Posita yake inali ya saluni ya azakhali ake, a Edna, ku Area 23. Panali mayi wokongola amene anamudula m'magazini ya ku Joni, nyenyezi zonyezimira, ndi zilembo zokhala ndi mithunzi mitundu isanu ndi iwiri. Palibe wina m'kalasimo akanatha kupanga mithunzi yoteroyo.

"Mayi ameneyu analukitsako tsitsi kwa azakhali ako?" anafunsa aphunzitsi.

Kalasi inaseka.

"Kompyuta umaidziwa kuposa tonse muno, Pamela, ngakhale ine. Koma Area 23 sindikuiona pano."

Pamela anasekerera nawo, koma mumtima munali moto. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti Raisa yemweyu anafika chaka chatha asanakhudzepo kompyuta. Tsiku loyamba ankanyamula mausi m'mwamba n'kumailoza pa sikirini ngati limoti ya wailesi yakanema. Anamugwira dzanja ndi Pamela. Anamuphunzitsa kusunga fayilo, kudula chithunzi, kusakaniza mitundu. Raisa ankamulipira ndi tiyi wa masala ndi chapati kwawo ku Biwi, ndipo Che Yaseen ankamutcha kuti mwana wawo wachiwiri. Lero wophunzitsidwa uja ndiye ankaitanirwa anthu.

Ataweruka, Raisa anamuperekeza mpaka kudepoti monga mwa masiku onse.

"Usadandaule ndi za aphunzitsi," anatero. "Yako ndi yowala. Anthu adzaiona ali kutali."

"Ndadandaula ngati?" anayankha Pamela. "Enafe tilibe abambo a manja okongola."

Raisa anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Kunyumba Pamela anapeza azakhali ake akutsuka mutu wa kasitomala pa beseni. A Edna sanali munthu wozungulira polankhula.

"Sukulu ikutha Lachisanu, eti? Ngati akutenga kukampaniko, chabwino. Ngati sakutenga, beseni ili likudikira iwe. Ine msana watha."

Pamela anayang'ana beseni lija, thovu lili yandayanda pamwamba pa madzi akuda, ndipo chakudya cha tsikulo sichinamukomere.

Lachinayi m'mawa aphunzitsi anasonkhanitsa ntchito zonse pa sidi imodzi. Maposita ankayenera kukasindikizidwa tsiku lomwelo ku kampani ya Mayi Agatha, aliyense pepala limodzi lalikulu, kamodzi kokha.

"Ndikhulupirira nonse mwaumitsa zilembo," anatero a Kamphinda.

Limeneli linali lamulo limene ankalibwereza chaka chonse. Mtundu wa zilembo, umene amati fonti, umakhala m'kompyuta imene munthu wagwirira ntchito. Ukapita ndi fayilo pa kompyuta ina imene ilibe fonti imeneyo, iyo imangoikapo ina iliyonse. Choncho usanatumize ntchito kosindikiza umayenera kusandutsa zilembo zako kukhala chithunzi, kuti zisasinthenso. Kumeneko ndiye a Kamphinda ankati kuumitsa.

Onse anavomera kuti aumitsa. Raisa nayenso anavomera, maso ali pa chithunzi chake, akuwongola kaulusi komaliza.

"Pamela, upite nayo ndiwe," anatero aphunzitsi pomupatsa sidi. "Ukakhale pambali pa wosindikiza. Pakakhala vuto, uli ndi maso."

Kukampaniko anamulandira Ralph, mwamuna wamtali woyendetsa makina, pensulo ili kukhutu. Ankatsekula mafayilo imodzi imodzi, makina n'kumalavula mapepala ofunda. Yachisanu ndi chiwiri inali ya Raisa. Itangotsekuka, pa sikirini panatuluka kabokosi kochenjeza.

"Aa, uyu sanaumitse," anatero Ralph. "Fonti imeneyi ife tilibe. Mwini wake ali pafupi, achemwali? Kukoleji kwanu si patali. Thamangani akakonze, ine ndiyamba ndasindikiza enawa."

Pamela anaidziwa fonti ija. Raisa anaipeza pa sidi yakale m'kabati ya aphunzitsi, ndipo inali m'kompyuta ya pakona yokha. Kupita ndi kubwera, kuyenda wapansi, sikukanatha ngakhale theka la ola. Anayang'ana manja a Che Yaseen pa sikirini. Anali okongola zedi, ndipo kukongolako ndi kumene kunamuwawa.

"Mwini wake wapita kale kwawo," anatero. "Ingopitirizani."

"Zituluka zonyansa, mukudziwa?"

"Aphunzitsi anati chilichonse chisindikizidwe mmene chilili. Ndi mayeso."

Ralph anamuyang'ana pang'ono, n'kukweza mapewa, n'kudina. Pamela sanadikire kuona pepala likutuluka. Anapempha madzi akumwa, ndipo pobwerera anapeza maposita onse atakulungidwa pamodzi.

Lachisanu m'mawa, pamene ankawatambasula kuti awapachike, Raisa anangoti kakasi. Zilembo zowonda zija kunalibe. M'malo mwake munali zilembo zonenepa, zakuda, ngati za pa thumba la feteleza. Zinasefukira pa mzere wake n'kukwirira singano, zala ndi theka la kofiya. Ulusi unkangothera m'malere.

"Sindinaumitse," ananong'ona Raisa. "Pamela, sindinaumitse. Ndinabwereranso kukakonza dzina la Biwi, ndiye ndinaiwala."

"Pepa," anatero Pamela. "Ine ndinatuluka pang'ono pamene ankasindikiza."

A Kamphinda anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamuliza Raisa kuposa kukalipa.

Alendo anayamba kufika. Che Yaseen anabwera atavala mkanjo woyera wochita kusita, atatseka shopu tsiku la malonda. Anayenda pang'onopang'ono kutsata khoma mpaka anapeza dzina lawo. Anaima pamenepo manja ali kumbuyo.

"Manja anga ali kuti, mama?" anafunsa mwana wawo mofatsa.

"Ali pansi pa zilembozo, baba. Ndinalakwitsa ine."

"Basi, usalire. Nanenso ndinadulapo nsalu ya mkwati molakwika." Anatembenukira kwa Pamela. "Mwanangu, wandiuza Raisa kuti unanyamula ndiwe ntchito za anzako dzuwa lonse lija. Mulungu akudalitse."

Pamela anagwada pang'ono n'kulandira dzanja lawo ndi manja awiri.

Mayi Agatha anali mzimayi wamfupi, wofulumira, amene ankayang'ana posita iliyonse ngati akufuna kuigula. Pa ya Raisa anaima nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Maganizo alipo," anatero. "Koma kwathu cholakwa chotere chimatitayitsa kasitomala. Ndikufuna munthu amene ntchito yake ndingaitumize ku makina nditatsinzina."

Anasankha Pamela. Anthu anaomba m'manja. Raisa, maso ali ofiira, ndiye anali woyamba kumukumbatira.

Madzulo ake a Edna anagula nkhuku, n'kuuza makasitomala onse kuti mwana wa mchimwene wawo walowa ofesi. Pamela anakondwa, zimenezo tisanamizane. Anadziuza kuti Raisa anaiwala yekha, palibe amene anamugwira dzanja kuti aiwale.

Lolemba anapatsidwa tebulo pafupi ndi khomo, moyang'anana ndi zenera lalikulu loonetsera ntchito za kampani. Ralph anamupatsa moni mwaulemu, koma sanamumwetulire.

"Mwini wake uja anabwerako kwawo?" anafunsa, akulowetsa mapepala m'makina.

Pamela ananamizira kuti sanamve.

Lachitatu a Kamphinda anatumiza fayilo ya Raisa yokonzedwa, ati mwanayo akhale ndi posita yabwino yosunga. Ralph anasindikiza ziwiri. Imodzi inapita ku Biwi. Inayo Mayi Agatha ataiona anaitanitsa selotepi n'kuimata okha pa zenera lija, pakatikati.

Kuyambira tsiku limenelo Pamela sanapume. Akadzutsa mutu, manja a Che Yaseen. Anthu odutsa mumsewu ankaima, ena mpaka kulowa.

"Wapanga ndani iyi? Ndinu, achemwali?"

"Ayi, ndi mnzanga wa kusukulu."

Mawu amenewo ankawanena kanayi, kasanu pa tsiku, ndipo tsiku lililonse ankawawa chimodzimodzi. Ntchito zimene iye ankapatsidwa zinali makadi aukwati ndi mabuku a malisiti. Ankazigwira bwino, popanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo palibe amene analowapo kudzafunsa kuti wapanga ndani.

Sabata yachitatu kunabwera mwamuna wina wogulitsa uchi, wochokera ku Dedza. Ankafuna zomata pa mabotolo ake, zambiri ndithu. Pamela anamukonzera zitsanzo zitatu, za njuchi zonyezimira ndi mithunzi. Bamboyo anaziyang'ana mwaulemu, n'kuloza pa zenera.

"Ine ndimafuna zonga zija. Munthu akaona adziwe kuti uchiwu wachokera m'manja mwa munthu."

Atatuluka, Mayi Agatha anamuitana Pamela mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Mnzako uja, kwawo umakudziwa?"

"Ee, Amayi. Ku Biwi."

"Upite ukamuitane. Ayambe mawa." Anasanja mapepala patebulo osamuyang'ana. "Ralph anandiuza za tsiku lija. Ndakhala ndikudikira kuti mwina undiuza wekha."

Pamela anayang'ana pansi. "Ndiye mukundichotsa?"

"Ndinalonjeza miyezi itatu, uimaliza. Dzanja lako ndi laukhondo, ndilibe nalo mlandu. Koma mudzakhala tebulo limodzi, ndipo mafayilo ake adzadutsa m'manja mwako asanapite ku makina. Sindingamuike pamenepo iye asakudziwa amene wakhala naye. Umuuza iwe, kapena ndimuuze ine?"

Pamela sanakwere minibasi. Anayenda wapansi, kudutsa pa mlatho, kudutsa okhoma zidebe ndi owotcherera mageti, fumbi likumumata m'mapazi. Njira yonse ankakonza mawu, ndipo onse ankatuluka opindika. Chinamudabwitsa n'chakuti ngakhale tsopano, manyazi atamugwira chotere, nsanje inali ikadalipo. Mawa anthu a uchi adzakhala akufunsa za Raisa.

Anapeza Che Yaseen ali pa makina awo osokera pakhonde. Atamuona anasiya kupalasa.

"Raisa, tuluka, m'bale wako wabwera. Watitaya, mwanangu, chilowereni ofesi. Teleka tiyi, mama."

Raisa anatuluka akupukuta manja, nkhope yonse ili mwee. Pamela anaima pa sitepe, osakwera.

"Tiyi ayi, Bambo, zikomo," anatero. "Raisa, akukufuna kuntchito mawa. Koma usanavomere, khala pansi. Tsiku lija sindinatuluke pamene ankatsekula fayilo yako."

Raisa anasiya kupukuta manja. Che Yaseen anayang'ana ana awiriwo, n'kuzula singano pa nsalu, n'kulowa m'nyumba mwakachetechete kuti awasiye okha.