Dzanja la Pa Sorie

"Limbitsani mnofu wa pamkonowo, bambo, ngati mukufumbata," anatero Yeabu, atagwada pakhonde la nyumba yawo ku Makeni.

Bambo akewo, amene anthu ankawatchula kuti Pa Sorie, analimbitsa. Zala zapulasitiki zinalira pang'ono, n'kupindika.

Zigawenga zinawadula manja onse awiri pa nthawi ya nkhondo, Yeabu akadali kumsana. Tsopano mwanayo anali kuyunivesite ku Freetown, kumene iye ndi anzake anatha zaka akupanga dzanja lomvera minofu ya munthu. Loyamba kugwira bwino analibweretsera bambo ake.

Pa Brima, mnzawo amene anadulidwa manja nawo tsiku limodzi, ankaonerera ali pabenchi.

"Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe," anatero. "Iwe wapeza zisanu lero. Nsabwe zako zaona tsoka."

"Ndiyambira zako," anayankha Pa Sorie.

Yeabu anabweretsa mpunga ndi chigwada. Bambowo anagwira supuni, natapa, nafikitsa kukamwa osataya. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Kenaka anaika supuniyo m'mbale.

"Sendera kuno, mwanangu."

Anakweza dzanjalo nalikhazika patsaya la Yeabu. Chibadwire chake mtsikanayo sankakumbuka kugwidwa ndi zala za bambo ake, choncho anatsinzina. Koma mkono wa nkhalambayo unayamba kunjenjemera, mnofu unakungika, ndipo zala zija zinatseka. Yeabu analuma mlomo osalira.

"Sorie, msiye mwana," anatero Pa Brima motsitsa mawu. "Ukumupweteka."

Zala zitatseguka, patsayapo panali timagazi.

"Palibe kanthu, bambo. Ndikonza, ndi kawaya chabe."

"Sindinamve chilichonse," anatero Pa Sorie. "Ndiuze, tsaya lakoli ndi lofunda?"

"Ndi lofunda, bambo." Yeabu anapukuta timagazi tija. "Zoti dzanja lizimva sitinafikepo. Mwina m'tsogolomu."

"M'tsogolomo ndi mwanu. Pitirizani, ana odulidwa ndi galimoto alipo ambiri."

Dzanjalo sanalikane. Madzulo ananyamulira ketulo ya madzi popita kumzikiti, anthu n'kumawaunjirira panjira.

M'mawa mwake Yeabu atanyamula chikwama kuti akakwere basi, bambo ake anamuimitsa pakhomo. Anapempha Pa Brima kuti awamasule ndi mano malamba omangira dzanjalo. Dzanja lija litagona pabenchi, anaika chitsa cha mkono wawo pamutu pa mwanayo, namudalitsa.