Chipata cha Apongozi

Weston Makwinja anali mphunzitsi wabwino wa Chingerezi, zimenezo ngakhale omuda sakanatsutsa. Chilema chake chinali chimodzi: akangomva anthu akuomba m'manja, makutu ake ankatsekeka ku china chilichonse. Loweruka lililonse masana ankabwereka kalasi pasukulu ina ya mpingo ku Area 25 n'kumaphunzitsa akuluakulu amene sukulu inawadutsa ali ana: alonda, amayi a kaunjika, makondakitala, anthu a m'mafakitale a ku Kanengo. Sankakonda zongolemba pabolodi. Ankabwera ndi kasipika n'kuwaimbitsa nyimbo za pawailesi, kapena kuwaonetsa chidutswa cha filimu pafoni kuti afotokoze zimene aona. Iye anabadwira ku Kawale, ndipo za kumudzi kwa makolo ake ku Chiradzulu ankazidziwa mongomvera, monga momwe ambirife timadziwira Joni.

Pa ophunzira onse, amene ankamunyaditsa anali Mayi Elube. Anafika m'kalasimo ali ndi zaka zoposa makumi asanu, osatha ngakhale kubweza moni m'Chingerezi, koma pomatha miyezi isanu ndi iwo amene ankakonza anzawo akalakwitsa. Kwawo kunali ku Ntchisi. Amuna awo atamwalira, mwana wawo Dyna anakawatenga kuti adzakhale naye m'tauni, ndipo kukhala pakhomo pa mkamwini n'kumadikira kuguliridwa sopo kunkawawawa mumtima. Manja awo ankadziwa kuphika. Mwini nyumba ina yogona alendo ku Area 47 analawa ndiwo zawo pa ukwati wina n'kuwalonjeza ntchito ya kukhitchini, bola abwere ndi satifiketi yosonyeza kuti angamvane ndi alendo. Satifiketi imeneyo ndi imene Weston ankapereka maphunziro akatha, ndipo Mayi Elube ankaifuna kuposa wina aliyense m'kalasimo.

Mkamwini uja, Misheck, nayenso ankaphunzira momwemo. Ankagwira ntchito yokweza mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo Chingerezi ankachifunira ukapitawo. Iye ankakhala kutsogolo pafupi ndi khomo, Mayi Elube kumbuyo kwenikweni pakona, kuseri kwa mayi wina wojintcha. Misheck ankalowa moyambirira n'kutulukanso moyambirira, pomwe mayiwo ankazengereza ndi kulongedza makope mpaka atatsimikiza kuti wapita. Weston anaziona izi n'kuganiza kuti pali mkangano. Tsiku lina atalengeza kuti sabata yamawa adzayeserera kulankhulana awiriawiri, Misheck anamudikira panja.

"Aphunzitsi, mayi amakhala pakona aja ndi apongozi anga. Chonde musadzatiike pamodzi. Chikwatirireni mwana wawo, zaka khumi ndi ziwiri tsopano, sitinayang'anizanepo kumaso."

Weston anaseka n'kufunsa kuti anayambana chiyani. Misheck sanaseke. Anati panalibe kuyambana kulikonse. Umenewo ndi ulemu wa kwawo, ndipo mayiwo ndi amene ankausunga kwambiri. Wina akakhala ndi mawu, ankapatsira Dyna. Mayiwo akadwala, iye ankagula mankhwala n'kusiya pawindo. Mayiwo atabwera kudzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, iye anaboola mpanda wa malata n'kuika chipata chachiwiri, cha iwo okha, kuti asamakumane potuluka. Weston anavomera n'kulonjeza, koma pokwera minibasi madzulo ake ankasekabe yekha. Zipata ziwiri pa puloti imodzi ya ku 25, pamene ena alibe ndi mpanda womwe. Nkhaniyo anaifotokozera anzake kangapo ngati nthabwala.

Zoti pakati pa awiriwa panali chikondi, Weston anazimva ndi makutu ake, kungoti sanaziike kumtima. Tsiku lina anafunsa aliyense kuti anene m'Chingerezi chimene adzachite akadzapeza ntchito yabwino. Mayi Elube anadikira mpaka anthu atatuluka, n'kumuuza iye yekha, mawu akuwasankha limodzilimodzi, kuti adzagulira bambo a zidzukulu zawo jekete la mvula, chifukwa amanyowa popita ku Kanengo pa njinga. Weston anawayamikira kuti sanalakwitse paliponse.

Lonjezo lija analisunga ndithu, mpaka linafika tsiku la chikhalidwe.

Chaka chilichonse, kutatsala sabata imodzi kuti alembe mayeso, ophunzira ankaonetsa miyambo ya kwawo m'Chingerezi pamaso pa alendo. Weston ankati munthu amalankhula bwino chinenero chachilendo akamanena zinthu zimene amazidziwa kale, ndipo pamenepo sankanama. Chaka chimenechi analemba sewero la chinkhoswe. Pachimake pake panali paja amabweretsa akazi ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti mwamuna avundukule n'kuloza wake. Woyamba amakhala wabodza, ndipo anthu amaseka kwambiri akakhala wachikulire. Mbali imeneyo anapatsa Mayi Elube. Akangovundukulidwa, ankayenera kugwira mwamunayo padzanja n'kumuuza m'Chingerezi kuti mkazi wake ndi iwo, akhala akumudikira kuyambira kalekale. Mwamunayo anali Gordon, kondakitala wanthabwala amene sanali mbale wa aliyense. Misheck sanaikidwe m'seweromo. Ntchito yake inali kunyamula mabenchi ndi sipika, ndipo zoyeserera zinkachitika Lachitatu iye ali kuntchito.

Mayi Elube anachita manyazi poyamba, kenako anaikonda mbaliyo. Anangopempha chimodzi, kuti ikadzafika nthawi yawo, mkamwini adzatumidwe panja. Weston anati zimenezo n'zazing'ono. Kunyumba, Dyna ankawamva akubwereza mawuwo potsuka mbale.

Tsikulo holo inadzaza. Kunabwera abusa, mabanja a ophunzira, ndi Mayi Irene a ku bungwe limene linkathandiza kalasiyo ndi mabuku, amene Weston ankafunitsitsa kuwasangalatsa. Amayi anavina chimtali, mlonda wina wa ku Nkhata Bay anafotokoza za malipenga m'Chingerezi chotsimphina koma chomveka, m'manja munaombedwa. Itakwana nthawi ya sewero, Gordon kunalibe. Atamuimbira foni, anati minibasi yawo yapeza hayala yopita ku Kasungu, ndipo ali kale pa Mponela.

Amuna ena onse anali atavala kale za ankhoswe ndi amalume. Wotsala anali Misheck yekha, ataima pafupi ndi sipika. Weston anamukokera pambali n'kumuuza kuti mbaliyo ndi yosavuta: kuvundukula chitenje, kupukusa mutu, n'kunena kuti si ameneyu.

"Apongozi alimo m'sewero limeneli?" anafunsa Misheck.

"Ndiwachotsa pompano. Ndiikapo wina."

Ponena mawuwo Weston sankanama. Ananyamukadi kuti athamangire kuseri kwa holo kumene amayi ankavalira. Koma panjira Mayi Irene anamukodola kuti amuuze kuti mwambo ukuyenda bwino kwambiri, ndipo munthu wathuyu anaima n'kumamwetulira. Pomwe ankatembenuka, nyimbo inali itayamba, amayi atatu ofunda zitenje akulowa mondondozana, wina akuwatsogolera atawagwira padzanja. Pansi pa chitenje choyamba pankaoneka nsapato za pulasitiki zobiriwira zimene Weston ankazidziwa bwino.

Nthawi inalipo. Ichi ndi chimene chimamupweteka mpaka lero. Kuchokera pakhomo kufika kutsogolo panali mabenchi khumi, ndipo amayiwo ankayenda pang'onopang'ono motsata nyimbo. Akanangokweza dzanja n'kunena kuti taimani kaye. Koma holo yonse inali itaimirira, mafoni ali m'mwamba, Mayi Irene akuseka kale. Weston anadziuza kuti ndi sewero chabe, kuti kuno ndi ku tauni, kuti mwinanso zithandiza kuthetsa zamanyazi zachikalezi. Anapinda manja n'kuonerera.

Misheck anayandikira mwamantha, monga munthu wosazolowera kuonedwa ndi gulu, n'kukweza chitenje. Mayi Elube anachita monga anaphunzitsidwira. Maso ali pansi, anagwira dzanja lija mwamphamvu n'kuyamba mawu awo mokweza, Chingerezi chosalala chimene Weston anali asanamvepo pakamwa pa wophunzira aliyense. Anamutcha mwamuna wawo. Atafika pakati, anakweza maso.

Mawu anathera pomwepo. Misheck anasolola dzanja n'kugwada pansi, nkhope atalozetsa kukhoma. Mayi Elube anakoka chitenje n'kudzifunditsanso kumutu, natembenuka kuti atuluke. Posaona njira anagunda benchi, n'kugundanso ina. Alendo anafa nacho chiseko, poganiza kuti zonsezo zinalembedwa. Amene sanaseke anali ophunzira okhaokha, ndi Dyna, amene anali ataima pakhomo ndi beseni la mandasi a alendo. Sewero linamalizidwa mwachisawawa. Mayi Irene anati sanaonepo anthu wamba akusewera mogwira mtima chonchi, ndipo anapempha kuti wolemba aimirire. Weston anaimirira n'kuwerama, anthu akumuombera m'manja.

Pofika Lolemba kanema wa sewerolo anali atazungulira magulu a WhatsApp a ku 25 konse, wina atalembapo kuti mkamwini wapeza mkazi wachiwiri pakhomo pomwepo. Ku msika wa Nsungwi amayi a tomato anayamba kuwaitana Mayi Elube kuti akwatibwi. Ambiri sankanena mwankhanza, koma kwa mwini wake zinkapweteka chimodzimodzi. Lachitatu kanemayo anafika ku Ntchisi, ndipo alongo awo anaimba foni kufunsa ngati zakutauni zafika pamenepa.

Tsiku la mayeso mipando iwiri inali yopanda anthu, wa kutsogolo pakhomo ndi wa pakona. Weston ankadziwa kuti ayenera kupita kukapepesa, ndipo nyumbayo sinali kutali. Koma anali ndi manyazi, ndiye anadzinamiza kuti ndi bwino adikire kaye mitima izizire. Sabata inatha, inanso inatha. Potsiriza analemba satifiketi ya Mayi Elube ngakhale kuti sanalembe mayeso, popeza panalibe wowaposa, n'kuiika mu envelopu. Ankaganiza kuti akafika nayo m'manja, pepalalo likamulankhulira.

Anapeza Dyna akuchapa pakhonde. Dyna anamupatsa mpando ndi moni wonse woyenera mlendo, koma osamwetulira. Weston atatulutsa envelopu ija, mayiyo anapukuta manja pachitenje koma sanailandire. Anati amayi ake ananyamuka Lachinayi pa minibasi ya ku Ntchisi. Palibe amene anawathamangitsa. Misheck anachita kutuma akuluakulu awiri a kumpingo kukawachonderera, koma iwo anati sangagonenso mumpanda umodzi ndi munthu amene anamugwira padzanja n'kumutcha mwamuna wawo gulu likuona. Ku nyumba yogona alendo ija ya ku Area 47 anadikira sabata imodzi n'kulemba wina ntchito.

"Mwina mungawatumizire," anatero Weston. "Anaivutikira."

"Akaionetse kwa ndani kumudziko, aphunzitsi? Ndi makope awo omwe anawasiya. Ali pawindo apo ngati mukuwafuna."

Kuseri kwa nyumba kunkamveka kukhoma. Weston anazungulira n'kupeza Misheck ali ndi hamala, misomali ili m'thumba la malaya, akulimbana ndi lata lakale limene mphepo inkalikankha. Kachitseko ka chipata chachiwiri kanali katazulidwa kale n'kutsamiritsidwa pamtengo wa papaya. Pansi pankaoneka kanjira kosalala kochokera pakachipinda kaja kukafika pampanda, kamene munthu mmodzi yekha anakaponda kwa zaka zitatu.

Weston ananena zonse zimene anakonza panjira: kuti Gordon ndi amene anamugwiritsa fuwa lamoto, kuti nthawi inathina, kuti analakwa ndipo akupepesa ndi mtima wonse. Misheck anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Munati muwachotsa," anatero. "Ine ndinakukhulupirirani. N'chifukwa chake ndinavundukula."

Mphepo inakankhanso lata lija, likufuna kugwa. Misheck analigwira ndi bondo, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene angamuthandize. Panalibe.

"Tagwirani apa, aphunzitsi."

Weston anapinda envelopu ija n'kuiika m'thumba. Anagwira lata ndi manja awiri nalikanikiza pampata pamene panali chipata paja, Misheck n'kuyamba kukhoma.