Kachipinda Kopanda Zenera

Chifereni Daliso, ine ndi amuna anga tinasiya kuitanana. Osati kuti tinayambana, ayi. Kwathu ku Chama mkazi wolangizidwa satchula mwamuna wake dzina la ubatizo ngati akuitana mwana wa sukulu, mwamunanso chimodzimodzi. Mwana woyamba ndiye amakupatsani mayina. Iwo anali Atate a Daliso, ine Amake Daliso, kuyambira ndili mtsikana wa mano onse m'kamwa. Ndiye Dalisoyo madzi anamutenga nthawi ya dzinja, bwato litagudubuka powoloka mtsinje akubwerera ku Chifunda komwe ankaphunzitsa. Dzina lake linasanduka khala la moto, palibe amene ankafuna kuliika palilime.

Azimayi a kutchalitchi, mwa chifundo chawo, anayamba kunditchula Amake Damaris, potengera mwana wathu wachiwiri. Ndinkayankha, koma mumtima ndinkawatukwana, chifukwa kunali ngati kumukwirira mwana wanga kachiwiri. A Abraham amuna angawo, ndiwatchule dzina kuti muwadziwe, sanayese n'komwe kundipezera dzina lina. Akafuna madzi osamba ankauza khoma kuti, "Kaya madzi alipo." Inenso ndinkauza mphaka kuti chakudya chapsa. Ankadya maso ali m'mbale, akatha ulendo wa kumunda kwawo ku Tembwe, ati kukalondera njovu, ngakhale chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Njovu zake ziti zodya mapesi ouma? Banja langa linkatha ndikuona ngati sopo wosiyidwa m'madzi, ndipo ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti mwamuna wanga andiyang'ane, andiitane.

Damaris ndi nesi ku Durban, ndipo mwana ameneyu akaganiza chinthu sabwerera. Anatikonzera ulendo wa pa sitima zija zikuluzikulu zongoyendetsa anthu panyanja kuti akasangalale. Atate ake anakana, iye analira pafoni mpaka anavomera. Basi inatigwedeza kuchokera ku Chama kudzera ku Lundazi ndi Chipata mpaka Lusaka, kenako ndege, ndipo njira yonseyo mawu amene ndinamva kwa amuna anga ndi oti, "Kaya chikwama chakwera."

Padoko Damaris anandikokera pambali.

"Amama, kachipinda kanu kali mkati mwa sitima, kalibe windo. Nachita dala, kuti atate asamaone madzi."

"Manje ngati sufuna aone madzi, watibweretseranji panyanja?"

"Kuti asathawire ku Tembwe."

Ndinafuna kumumenya khofi, koma mwanayo sananame.

Sitimayo inali ngati boma lonse la Chama lasanjikizana pamwamba pa linzake, msika, chipatala ndi tchalitchi chomwe. Kachipinda kathu kanali pansi, kumapeto kwa kanjira katali kopanda dzuwa, ndipo khitchini yanga ya kunyumba inkakaposa kukula. Bedi, kakabati, kachimbudzi kokoka madzi ndi phokoso loti mtima kudumpha. Pakhoma panali katani wokongola. Ndinamukoka kuti ndione panja, n'kupeza khoma. Anthu ophunzira kusoka katani wa khoma! Mbali ina kunali galasi lalikulu, moti a Abraham kulikonse komwe atembenukire ankakumana nane. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuyang'ana chitseko.

Madzulo tinadya pamalo odyera pakati pa anthu ovala ngati akupita ku ukwati, iwo maso m'mbale monga mwa masiku onse. Tinabwerera, mafoni tinazimitsa n'kuika m'sutikesi poti Damaris anati panyanja sagwira, ndipo tinagona.

Nditadzidzimuka kunali mdima wa ndiweyani, woti ngakhale dzanja lako suliona. Kunyumba sindinafunepo wotchi. Amandidzutsa ndi atambala, tsache la aneba ndi kakuwala kolowera pamwamba pa chitseko. Choncho ndinati kukadali usiku, ndidikire kuche. Ndinadikira. Msana unayamba kuwawa, njala inandiluma, ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa mpaka a ana a Sande sukulu. Ndinati koma usiku wa panyanja ndi wautali bwanji. Mutu wangawu wa mphunzitsi wopuma pa ntchito sunandiuze kuti m'chipinda chopanda zenera simucha.

Kenako ndinamva bedi likunjenjemera. Ndinayesa ndi injini ya sitima, koma ayi, anali a Abraham. Ankalira ataluma pilo kuti ndisamve. Munthu amene pamaliro anaima nji kulandira anthu ndi kuthokoza okumba manda, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe. Apa m'pamene ndinazindikira njovu zimene ankakalondera ku Tembwe. Muno munalibe kothawira, anadikira kuti kuche akalirire kwina, koma sikunkacha.

Ndinafuna kuwaitana, pakamwa panalibe dzina lina.

"Atate a Daliso."

Bedi linasiya kunjenjemera.

"Amake Daliso."

Mayo ine. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi pa nthaka ya mu Okutobala. Ndinatambasula dzanja kufunafuna swichi, iwo anandigwira pamkono.

"Osayatsa. Napapata, osayatsa."

"Chifukwa?"

"Mukayatsa sininganene kanthu."

Ndinabweza dzanja. Anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa minga.

"Muganiza nakuzondani. Sinikuzondani. Koma mwana uja anatenga nkhope yanu yonse. Mphumi, maso, na kampata ka m'mano. Tsiku tinamupeza mu mabango, nine n'namutembenuza. Manje nikakuyang'anani, niona zija n'naona tsiku lija."

Sanandiuzepo zimenezi. Ine mtembo ndinauona atausambitsa kale, utavekedwa suti. Ndinalira, iwonso analira, ndipo tinagwirana ngati ana amasiye.

Pachitseko panagogoda munthu. Ndinatsegula pang'ono, kuwala kwa m'kanjira kunandibaya m'maso. Anali mayi wokonza m'zipinda, matawulo ali pamkono. Anandiuza m'Chingerezi kuti dzuwa lapendeka kale, sitima yaima pachilumba cha ku Mozambique ndipo anzathu onse atsika kukaona mchenga. Ndinalandira matawulo n'kutseka. Titamva kuti tagona mpaka masana kudikira tambala pakati pa nyanja, a Abraham anaseka, kuseka kwenikweni kwa m'mimba, mpaka kutsokomola.

Chilumbacho sitinachione. Anthu amawoloka mayiko kuti akaone nyanja, ife tinakhala m'una ngati mbewa ulendo wonse. Mumdimamo tinamudzutsa Daliso. Tinakumbutsana momwe anabera mango a abusa n'kukawagulitsanso abusa omwewo, momwe ankaimbira kwaya mokweza kuposa onse chikhalirecho mawu ake anali a chule, momwe anandibweretsera chitenje atangoyamba ntchito, cha mtundu woipa woti sindinachivalepo. Dzina lake tinalitchula mpaka linazizira. Njala ikatitulutsa kupita kokadya, amuna anga ankabwerera mwakale, maso pansi, pakamwa tseke. Sindinkadandaula. Ndinkati chilonda chimapola kuyambira mkati, ndipo ndinkafulumira kumeza kuti tibwerere kukachipinda kathu. Ine Agness, ndi imvi zangazi, kuthamangira kuchipinda ngati mkwatibwi!

M'mawa wotsiriza mawu a pa sipika anatiuza kuti tafika ku Durban, tilongedze. Tinali chigonere, dzanja langa lili m'dzanja lawo.

"Atate a Daliso, tikafika kunyumba nizasoka makatani okhuthala. Tizayamba na madzulo, pang'onopang'ono muzazolowera."

Mtima wanga unadziwa mawu asanatuluke.

"Nizakhala ku Tembwe, Amake Daliso. Namanga kale kanyumba kumunda. N'nafuna kukuuzani tisananyamuke, n'nalephera."

"Mwanikana?"

"Sin'nakukaneni. Ndimwe akazi anga mpaka manda. Nizatumiza chimanga, nizabwera pa Khirisimasi."

Ndinapsa mtima, osati pang'ono. Ndinakhala tsonga n'kuwalalatira mumdima momwemo. Ndinati mwanayo ndinabereka ndine, ndinayamwitsa ndine, nanga ine galasi ndimaliona bwanji m'mawa uliwonse? Ndinati madzi anandilanda mwana, tsopano andilandenso mwamuna wamoyo? Nkhope ndiisende ngati chinangwa kuti mukhale pakhomo? Iwo anangoti, "Mukamba zoona," ndipo zimenezi zinandikwiyitsa koposa, chifukwa munthu wovomera sukangana naye.

"Niyang'aneni kamodzi chabe," ndinatero. "Mukalephera, pitani."

"Yatsani."

Ndinayatsa. Tonse tinaphethira ngati akadzidzi. Kenako a Abraham anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ndipo sindingawanamizire, anayesa. Anagwira m'mphepete mwa bedi ndi manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi itatuluka, maso ali pa ine. Ndinadikira kuti andione. Koma ndinaona nkhope yawo ikugwa, maso akuyang'ana chinthu chimene sichinali m'chipindamo. Sanaphethire, sanathawe, akanapirira mpaka kukomoka chifukwa ndinawapempha. Munthu ndinakalamba naye anali atagwada m'mabango, ndipo womugwaditsayo ndinali ine.

Ndinatembenuka ndine. Ndinayang'ana katani wa khoma uja, misozi ikutsikira m'khosi, n'kuyamba kupinda malaya awo.

"Pitani ku Tembwe," ndinatero. "Koma mukabwera, muzifika dzuwa litalowa."