Chigongono Chimene Sindinakutire

Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiye mukapeza zolakwika muzingopitirira. Mwana wanga ndiye wati ndizilemba, m'malo momangokhala pakhonde n'kumayankhula ndekha.

Ntchito yanga inali yokutira mapaipi. Osati a madzi ayi, koma akuluakulu amalata aja amayenda mu siling'i kunyamula mphepo yozizira kupita m'zipinda. Paipi yotere ukaisiya yosavala imachita thukuta ngati botolo lochokera mufiriji, kenako madzi n'kumadontha. Ndiye timaiveka thonje lagalasi, pamwamba pepala lasiliva, n'kumata tepi. Thonjelo kuyabwa kwake! Malemu mkazi wanga ankanditcha a Zoyabwa, ndipo ovolosi yanga ankachapa ndi ndodo. Koma pagulu ankandinyadira. "Pamene pagwira amuna anga sipadontha," ankatero, ine n'kumavomera ndi mutu.

Chaka chatha atadwala anamugoneka m'chipatala chachikulu, chipinda chachiwiri kuchokera pamasitepe, bedi lakukhoma. Nditangolowa ndinaona banga lofiirira pa siling'i, dontho n'kugwera pa bulangete chakumapazi, tho! Ndinawerenga matabwa a siling'i kuchokera pakhomo. Asanu ndi awiri.

Chipatala chimenecho tinakutira ndife, zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo. Tsiku lina ndili m'mwambamo, nditatsala ndi chigongono chimodzi, pokhotera paipi paja, mlamu wanga anafika pansi akukuwa kuti mkazi wanga nthawi yake yakwana, mwana woyamba akubwera. Chigongono chimafuna kudula thonje tizidutswatizidutswa, ola lathunthu. Ine ndinangokulunga pepala lasiliva mkati mulibe kanthu, tepi pamwamba, n'kutsika. Kapitawo anaunika ndi tochi, anati zili bwino. Mumtima ndinati ndidzakonza Lolemba. Lolemba ndinapeza atatseka siling'i.

Ndinapita kwa anesi. "Mayi, mundibwereke makwerero, ola limodzi lokha."

"Agogo, inu pa makwerero? Mukufuna tikugonekeni bedi loyandikana nalo?"

"Basi tasunthani bedilo."

"Tilisunthire kuti, mukuona malo? A zokonzakonza tinawauza kalekale. Dontho limeneli linayamba ntchito muno ine ndisanalembedwe."

Anandipatsa beseni. Ndinaliika pabedi chakumapazi n'kumaligwira kuti lisagudubuke.

Mkazi wanga ankangoyang'ana kumwamba. Tsiku lachitatu anati, "A Zoyabwa, mmisiri wa pamenepa anali ndani? Ameneyu mkazi wake ndikumumvera chisoni."

Ndinati sindikudziwa, amisiri tinalipo ambiri.

"Nanga bwanji mukangolowa mumawerenga matabwa, ngati munabisamo mkazi wina?"

Ndinamuuza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, anesi n'kubwera kudzandikalipira ine.

"Ndiye tsiku lija munafika wefuwefu, thonje lili mbuu m'tsitsi, azamba n'kukukanizani kunyamula mwana, kunoko munasiya anthu akuvumbwa m'nyumba?"

"Ndinkathamangira inu."

"Ine zaka zonsezi kumanamiza anthu, pakamwa gwa!" Dontho linagwa m'beseni kawiri. "Musapakonze. Inu mawu okoma munalibe, ukwati wonse. Bola madonthowa akugwa okha."

Sindinamumvere. Munthu amene anakuchapira zoyabwa moyo wake wonse sungamusiye agone ponyowa. M'mawa uliwonse ndinkatsikira ku ofesi ya a zokonzakonza, kuseri kochapira zovala. Ankandipatsa fomu, mwana wanga n'kundilembera. Ndinawajambulira ngakhale malo ake papepala, thabwa lachisanu ndi chiwiri, chigongono chokhotera kumanzere. Wamkulu wawo anati, "Madala, mukudziwa bwino chonchi ngati munaliko." Ndinati ndimangoganiza.

Anamwalira Lachinayi masana, tsiku lachisanu ndi chinayi. Mapazi ake anali ouma, chimenecho ndinganene pamaso pa aliyense, beseni sindinalisiye.

Lachisanu m'mawa ndinapita kukatenga chikwama chake ndi masilipasi. Ndinapeza a zokonzakonza afika, amuna awiri, makwerero atsopano, thonje mpukutu wathunthu. Wamtali anachotsa thabwa, analowetsa mutu, kenako anayamba kutukwana.

"Iwe, tabwera udzaone! Pepala lokhalokha, mkati mulibe kanthu! Chitsiru chinachita izi chinkathamangira kuti?"

Mnzakeyo anatembenukira kwa ine. "Madala, tatigwirirani makwererowa."

Ndinagwira. Anadula tizidutswa, anakutira bwino ndithu, ndisaname, ngakhale tepi anawononga yambiri. Atapita ndinaimabe pomwepo, chikwama m'manja, kuyang'ana banga lija pamwamba pa bedi loyalidwa kale nsalu zina. Ndinadikira mpaka anesi anandigwira paphewa. Dontho silinagwenso.