Chingwe cha Merv

"Makiyi a pikapu ali kuti?" Glenys anafunsa osatembenuka n'komwe. Manja ake anali m'madzi a sopo, akutsuka mbale za eni ake zimene amayi a kutchalitchi anabweretseramo chakudya pamaliro.

Mwana wake wamwamuna, Darren, anali atakhala pampando wa malemu bambo ake, akuzunguza kapu ya tiyi patebulo. Mlongo wake Leanne ankapukuta mbalezo n'kumaziika m'katoni.

"Ali m'thumba mwanga, Amayi."

"Ukuwafungatira kuti aswe?"

"Amayi, abambo tawaika dzana. Anthu akubwerabe kudzapepesa. Inu basi mukufuna mukagwire nkhanu?"

"Loweruka likubwerali tikwanitsa zaka makumi asanu chikwatiranireni. Malo kunyanja tinasungitsa kale. Wamwalira ndi bambo ako, tsikulo lilipobe."

Leanne anaika kansalu kopukutira paphewa n'kuyankhula ndi mawu ofewa aja amene anthu amayankhulira kwa odwala. "Bwanji tingopita kwathu ku Adelaide mukapumeko? Chipinda chilipo. Ana akusowani."

Glenys anapitiriza kutsuka mbale. Mnzake Beryl anapita kukapuma kwa mwana wake chaka chatha, ndipo mpaka lero akupumabe, nkhuku zake anadya ndi ena.

"Nkhani si ya anthu opepesa ayi," Darren anatero. "Madzi a ku Port Clinton mukuwadziwa. Akamabwerera amayamba akuzungulira kumbuyo, pomadzazindikira uli pachilumba. Zaka zonsezi abambo ankakumangirirani chingwe m'chiuno kuopa kuti madzi angakukokoleni. Lero akugwireni ndani?"

Glenys anatulutsa manja m'madzi. Yankho linali pamwamba pa lilime penipeni. Analimeza, n'kupukuta manja.

"Ndikukapatsa agalu chakudya," anatero.

Agaluwo anali atadya kale. Anapita kushedi komwe kunkakhala kalavani, kanyumba kawo kokoka pagalimoto. Kunja kunkatentha monga kumatenthera mu Febuluwale, ziputu za tirigu zitayera mbuu mpaka kumapiri. Anthu a kuno amakwatirana akamaliza kukolola, n'chifukwa chake tsiku la ukwati wawo linkagwa m'nyengo ya nkhanu.

Zonse zinali pomwe mwamuna wake Merv anazisiya. Mareki awiri ogwirira nkhanu atakolekedwa pamsomali. Bafa lachitsulo litakhazikidwa m'kati mwa chubu cha lole kuti liziyandama. Nsapato zansalu zakutha, zake ndi za mwamuna wake, zitamangidwa pamodzi ndi zingwe zake. Chubucho chinali chopopa kale. Ndiye kuti Merv anachipopa sabata yatha, mtima usanamugwetse pafupi ndi khola la nkhosa. M'bafamo munali chingwe chija, chokulungidwa bwinobwino.

Glenys anakhala pa ndowa yovundikira, chingwe chili pamwendo.

Iye anabadwira ku Port Clinton, mwana wa msodzi. Kusambira anadziwa asanadziwe kuwerenga. Merv anakulira pamunda pomwe pano, kumene madzi ambiri amene anawaonapo anali a m'chomwera nkhosa. Atakwatirana anamutengera kumtunda kuno, koma anamulonjeza kuti chaka chilichonse, tsiku la ukwati wawo, azimubwezera kunyanja kwawo.

Ulendo woyamba Merv analowa m'madzi ngati mwamuna, chifuwa patsogolo. Atafika m'mawondo anangoti zii. Nkhope inachita mbee, dzanja litakakamira diresi la mkazi wake ngati mwana pamsika. Munthu woti ankagwetsa nkhosa yamphongo ndi dzanja limodzi! Glenys sanaseke. Anakatenga chingwe m'boti la bambo ake, anadzimanga mbali ina, ina n'kumumanga iye, bafa pakati.

"Anthu akafunsa," Merv anatero mano akugundana, "ndikukugwira ndine."

"Ukundigwira ndiwe," Glenys anavomera.

Zinakhala choncho. Anzawo a pamalo oimika makalavani ankanena kuti Merv Zadow ndi mwamuna wosamala mkazi. Ana anakula akudziwa zomwezo. Tsopano bodza lomwelo linali litamutsekera makiyi m'thumba mwa Darren. Akanangonena mawu awiri okha, chitseko chikanatseguka. Koma munthu wangomuika m'manda dzana, angamuvule bwanji pamaso pa ana ake?

Anabwerera kukhitchini chingwe chili m'manja, n'kuchiponya patebulo pafupi ndi kapu ya Darren.

"Ukuti palibe wondigwira. Iweyo ulibe chiuno?"

"Amayi, nkhosa..."

"Nkhosa zimadya udzu popanda iwe kuziyang'anira pakamwa. Mkazi wako azithirira madzi."

Leanne anaseka mosafuna, n'kutseka pakamwa ndi kansalu kaja. "Ukamangidwa ngati mbuzi, achimwene."

"Iwenso ukwera," Glenys anatero. "Ukakhala pamchenga n'kumalondera zikwama, poti umaopa kudetsa zikhadabo."

Ananyamuka Loweruka m'mamawa. Darren ankayendetsa atakwinya nkhope, ndipo njira yonse ankanena za kalavaniyo, kuti matayala atha, kuti ikangokhala m'shedi idzaola, kuti pali munthu wina angaigule. Glenys ankayang'ana kunja. Atadutsa chitunda chomaliza, fungo la ndere ndi mchere linalowa pawindo. Apa m'pamene Merv ankasiya kuimba muluzu chaka chilichonse, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

Madzi anali ataphwera kutali, mchenga wonyowa uli nyezinyezi. Leanne anazika ambulera yake pouma n'kukhala pansi. Glenys anavala nsapato zake zansalu, za Merv n'kumuponyera Darren.

"Zandikulira."

"Manga zolimba. Nkhanu zimakonda zala za anthu a kumtunda."

Anadzimanga chingwe ndi mfundo imodzi ya asodzi, yomwe imamasuka ukangokoka. Darren anatenga mbali inayo n'kuima akuiyang'ana. Kumeneko kunali mfundo pamwamba pa mfundo, zothina ngati mwala, zija bambo ake ankamangira mitolo ya udzu palole.

"Abambonso! Ankamanga munthu kapena ng'ombe?"

"Ingolowetsa miyendo, ukweze m'chiuno. Sizimasulidwa zimenezo."

Anayenda akukoka bafa mpaka anakumana ndi madzi akubwera. Anali ofunda, oyera, akunyambita akakolo. Darren anazungulira n'kukaima mbali yakuya.

"Bwerera uku," Glenys anatero. "Uko n'kwanga."

"Wogwira mnzake amaima kwakuya, Amayi."

"Bambo ako ankaima kumtunda. Ukufuna kundiphunzitsa lero?"

Darren anang'ung'udza, komabe anasuntha. Glenys anali atayamba kale ntchito. Ankayang'ana pamene mchenga wadera pang'ono m'mphepete mwa udzu wa m'madzi, n'kudutsitsapo reki. Nkhanu inavumbuluka mwaukali n'kuluma chitsulo, miyendo yake yabuluu ikuphiriphitha. Anaitembenuza kamodzi kokha, n'kugwera m'bafa kuti khwa! Yachiwiri inali yaikazi yokhala ndi mazira, anaibwezera. Darren anakhwekhwereza reki yake ngati akusesa khola, nkhanu n'kumuthawira pakati pa miyendo. Anadumpha n'kutukwana.

"Pepani, Amayi."

"Bambo ako ankatukwana zoposa pamenepo."

Madzi anafika m'mawondo, kenako m'ntchafu. Bafa linayamba kuvina pachubu chake. Kutsogolo kunali kamkwasa kamene nthawi zonse kankayamba kudzaza, ndipo Glenys analowamo osaganiza n'komwe, monga ankachitira ali mtsikana, madzi mpaka m'chiuno. Chingwe chinakungika kumbuyo kwake.

Zaka zonsezi, pamalo amenewa chingwecho chinkanjenjemera. Ankachimva m'chiuno ngati mtima wa mbalame. Iye ankaima, n'kunamizira kuti waona nkhanu, mpaka kunjenjemerako kutachepa. Lero chinangokungika basi, chili phee. Apa m'pamene misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera. Anaipukuta ndi mkono n'kupitiriza kupalasa.

"Amayi."

"Chiyani?"

"Taonani apa."

Darren anali atagwira chingwe patsogolo pa mimba yake. Pamalo pamenepo chinali chakuda, chosalala, chopyapyala kusiyana ndi pena paliponse, ngati mpini wa fosholo yakale. Anayang'ana mbali ya mayi ake. Kumeneko chinali choyera mpaka kumfundo.

"Chingwe chimatha," Glenys anatero.

"Chimatha mbali imodzi?"

"Pali nkhanu kumanzere kwakoko. Ukuiponda."

Darren sanayang'ane pansi. Madzi ankamumenya m'chiuno, iye ali chiimire ndi reki yake m'mwamba.

"Tili ana," anatero pang'onopang'ono, "ankaimitsa makina okololera dzuwa lili paliwombo, tirigu ali m'munda, kuti atiperekeze kutauni kokaphunzira kusambira. Amalume ankati apenga. Ine ndinkalira kuti sindikufuna, iwo ankangondinyamula n'kundiponya m'galimoto." Anatsitsa reki yake. "Ankakhala pabenchi ndi chipewa chawo, nsapato osavula. Sindinawaonepo atanyowetsa ngakhale phazi. Amayi, abambo ankatha kusambira?"

Glenys anayang'ana kutali komwe madzi amasanduka obiriwira. Anali atasunga mawu amenewa zaka makumi asanu, ndipo sanafune kuwataya lero.

"Ine sindinakuuze kanthu," anatero.

"Simunandiuze."

"Ndiye basi."

Anapalasa kawiri pamchenga wopanda kanthu. Kenako anayankhula osamuyang'ana. "Ndinamuuzapo kuti tizingokhala pamchenga, tigule nsomba zokazinga, tidye ngati anthu ena. Anakana. Akuti anandichotsa kunyanja ndi iye, ndiye sangandibwezere nyanja yongoyang'ana ndi maso. Sanajombepo ngakhale chaka chimodzi. Chaka chija anathyoka mwendo analowa atakulunga chikhakha m'thumba la feteleza."

Darren anaseka, kuseka kuja kumene kumathera kwina. Anatembenukira kumtunda n'kumina.

"Chitsiru cha munthu," Glenys anatero. "Chitsiru changa chabwino."

Bafa linkagunda miyendo yawo. Kenako Glenys anayang'ana kumbuyo n'kuona kuti kamkwasa kena kayamba kuwazungulira.

"Tiye, madzi atitsekera. Zakwana izi, sitikudyetsa mpingo."

"Mutsogole ndinu," Darren anatero.

Anatsogoladi, akupeza ndi mapazi pamene mchenga wakwera, mwana wake akumutsatira ngati mmene ankatsatirira wina uja. Atayandikira kumtunda Darren anati, "Kalavani ija matayala ake ndisintha. Chaka chamawa mukafuna kubwera nokha, makiyi ndi anu."

"Anali anga ndi kale."

Leanne anawachingamira atanyamula matawulo, nsapato zake zili m'manja. Anasuzumira m'bafa n'kukuwa nkhanu ina itamutambasulira zala.

"Ndimakuonani mutalowa mpaka m'chiuno, mtima unali m'mwamba! Amayi sanaterereke? Unawagwira bwinobwino?"

Glenys anaweramira mfundo yake, osafulumira kuikoka. Anadikira.

Darren anatsitsa chingwe m'miyendo n'kutulukamo, mfundo za bambo ake osazikhudza. "Ndinawagwira," anatero. "Mmene ankawagwirira abambo."

"Abambo analidi munthu," Leanne anatero, maso atadzaza misozi. Anagwirizana ndi mchimwene wake kunyamula bafa, n'kumapita kukalavani akukangana za amene aphike.

Glenys anatsalira. Merv akangoponda pouma ankavula chipewa, n'kupuma kamodzi kwambiri, kenako ankanena mokweza kuti a m'makalavani amve: "Wapulumukanso, Glenys. Undithokoze!" Iye ankayankha kuti zikomo bambo, anthu n'kumaseka.

Anakulunga chingwecho kuyambira mbali yake, pachigongono ndi pachikhatho, madzi akudontha. Atafika pamalo akuda paja anaima. Anaikapo dzanja lake n'kufumbata. Zala zake sizinakwane kuphimba ponse.

"Zikomo, bambo," anatero.

Kenako anakoleka chingwecho paphewa, natola nsapato za Merv zimene Darren anazisiya pamchenga, n'kuzikhuthula madzi.