Nkhasi ya m'chitsime cha a Cacilda

Nkhasi ija, kamba wa m'madzi, inakhala m'chitsime cha a Cacilda ku Majaua zaka khumi ndi ziwiri. Anaiikamo ndi malemu mayi awo, ati imadya tizilombo, madzi n'kumayera. Ndiye itayamba kuyandama chammbali, maso otupa, osathawanso chidebe, a Cacilda mtima unawawawa ngati wadwala ndi m'bale wawo.

"Kamba mpaka kuchipatala?" anaseka amuna awo, a Faustino. "Ndiwotu imeneyo."

Amuna enatu, pakamwa pokhapokha. A Cacilda anaikulunga nkhasiyo m'chitenje chonyowa, nakwera nayo minibasi ya ku Milange, kwa a Rosália, dokotala wa ziweto amene amasamaliranso nyama zakutchire zovulala.

A Rosália anadikira kuti nkhasi itulutse khosi, nabaya kajakisoni, n'kukoka timagazi tochepa. Patapita masiku anayi anaimba foni kuti a Cacilda ndi amuna awo abwere onse awiri.

"Dona Cacilda, magazi aonetsa kuti chiwindi chaonongeka. Zikufanana ndi mankhwala opopera mbewu. Pampu yopoperayo mumatsukira kuti?"

A Faustino anayang'ana pansi. Chiyambireni mbozi m'chimanga, ankaitsukira pamwala wapachitsime, poti m'pamene madzi ali pafupi, zotsukazo n'kumalowa pansi pomwepo.

"Madziwo amamwa ndani?" anafunsanso a Rosália.

"Tonse," anatero a Cacilda. "Ndi mwana wathu Filipa yemwe. Ndi woyembekezera, miyezi isanu."

"Lekani lero lomwe. Filipa apite kusikelo, akawauze anamwino. Nkhasi sichoka m'madzimo, n'chifukwa chake yayamba kudwala ndi iyo."

Anatseka chitsimecho ndi malata, nayamba kutunga pamjigo wakusukulu, mtunda ndithu. Zigubu ankanyamula panjinga ndi a Faustino, osatumidwa ndi munthu. Nthawi itakwana Filipa anabereka mwana wamkazi, wonenepa, wolira mosokosa.

Nkhasi nayo inachira. Koma a Rosália anati isabwererenso m'chitsime chilichonse, kwawo ndi kumtsinje. A Cacilda zinawapweteka, komabe anavomera, nathokoza dokotalayo mpaka misozi.

Tsiku lokaisiya kumtsinje wa Ruo, a Faustino anaumirira kuinyamula okha, njira yonse. Atafika anagwada m'matope, navula chipewa, naiika m'madzi pang'onopang'ono.

"Mwatisungira mdzukulu, akulu," anatero munthu uja ankati ndi ndiwo. "Zikomo. Pitani bwino."